Kuzindikira Zomera za M'madzi Zoika m'Thanki la Nsomba

Mwa zipangizo zonse zimene mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale angathe kudzipangira yekha pa phunziro la chilengedwe, palibe china chimene chikopa ana koposa thanki la galasi lokhala ndi madzi, mchenga, tinsomba ndi zomera zamoyo. Anthu ena asunga thanki lotere kunyumba kwao chifukwa cha kukongola kwake, koma m'chipinda chophunziriramo lithandiza ana kuona ndi maso ao moyo wa pansi pa madzi, umene ambiri a iwo amangoumva kwa asodzi. Thanki lenileni likasowa, botolo lalikulu loonekera m'kati ligwira nchito yomweyo. Tinsomba sitivuta kupeza, ndipo zomera sizifuna ndalama, pakuti ziri mbwee m'madambo, m'mitsinje ndi m'mphepete mwa nyanja. Chovuta ndicho kudziwa dzina ndi khalidwe la chomera chimene munthu wavuula.

Wina angafunse kuti, kodi dzina liri ndi phindu lanji, popeza chomera chiri chonse chobiriwira chikongoletsa thanki? Phindu lake ndi lakuti dzina liyankha mafunso atatu. Loyamba, kodi chomerachi chidzakhala ndi moyo m'galasi, kapena chidzaola ndi kuipitsa madzi? Lachiwiri, kodi chidzakhala bwino pamodzi ndi nsomba? Lachitatu, kodi chikadzatuluka m'thanki ndi kulowa mumtsinje wa pafupi ndi sukulu, sichidzasanduka mliri? Mphunzitsi amene sanayankhe mafunso atatuwa asaike chomeracho m'thanki, ngakhale chikongole chotani.

Maina a kumudzi ndi maina a Chilatini

Anthu okhala m'mbali mwa madzi ali nao maina a zomera zimene ziwathandiza pa moyo wao. Adziwa bango lolukira mphasa, gumbwa ndi mlulu, njedza imene yadzaza m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, ndi kakombo, amene mizu yake yonga mbatata, yotchedwa nyika, anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje aikumba m'madambo pa nthawi ya njala. Koma zomera zomira pansi, zimene sizidyedwa ndiponso sizilukidwa, anthu ambiri angozitcha ndere kapena udzu wa m'madzi. Chotero dzina limodzi likhoza kuphimba zomera zisanu zosiyana, ndiponso chomera chimodzi chikhoza kukhala ndi dzina lina pakati pa Atonga, lina pakati pa Ayao, lina pakati pa Asena.

Ichi sichipeputsa maina a kumudzi ai. Msodzi wokalamba amene wakhala akuchotsa zomera m'khoka lake zaka zambiri adziwa malo amene chiri chonse chimera, mwezi umene chichuluka, ndi nsomba imene ibisalamo. Akulu anati safunsa anadya phula. Mphunzitsi ayambe ndi kufunsa anthu otere mwaulemu, alembe dzina monga momwe alitchulira, pamodzi ndi mudzi ndi chinenero chake. Ngati anthu alibe dzina la chomeracho, iye asapeke lake.

Pambali pa dzina la kumudzi pafunika dzina la Chilatini, limene liri limodzimodzi m'maiko onse. Kachitidwe kopatsa chomera chiri chonse mau awiri anakakhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1753. Liu loyamba liri ngati mfunda, monga Banda kapena Phiri, ndipo lachiwiri liri ngati dzina la munthu mwini. Pa thanki la sukulu kawirikawiri kudziwa mfunda wokha kukwanira, ngakhale kuti nthawi zina, monga kudzaoneka m'tsogolomu, liu lachiwiri lija likhala la mtengo wapatali.

Funso loyamba: chikhala motani m'madzi?

Kuzindikira kuyambira pamadzi pomwepo, chomera chisanazulidwe. Zomera za m'madzi zigawika m'magulu anai. Gulu loyamba ndi la zimene mizu yake iri m'matope koma tsinde ndi masamba ziri pamwamba mumphepo, monga bango, gumbwa ndi njedza. Izi ndi zazikulu, ndipo m'thanki sizilowa. Gulu lachiwiri ndi la zimene mizu yake iri pansi koma masamba ayandama pamwamba pa madzi, monga kakombo. Gulu lachitatu ndi la zoyandama zathunthu, zongotengeka ndi mphepo, monga namasupuni. Gulu lachinai ndi la zomira, zimene masamba ake onse akhala pansi pa madzi masiku onse. Zomera zoyenera thanki zichokera makamaka m'gulu lachinaili, ndipo zoopsa koposa ziri m'gulu lachitatu.

Pali msampha umodzi umene ugwira anthu ambiri m'nyengo ya dzinja. Madzi akasefukira amiza udzu, khovani ndi zomera zina za kumtunda, ndipo izi zioneka zobiriwira pansi pa madzi kwa masiku angapo ngati kuti ndiko kwao. Zikaikidwa m'thanki ziola, madzi achita thovu ndi kununkha, nsomba nkufa. Njira yozisiyanitsira ndi yapafupi. Chomera chenicheni chomira chiri ndi masamba opyapyala, ena oonekera kuwala, ndipo chikatulutsidwa m'madzi chilefuka, osatha kuima chokha, pakuti madzi ndiwo amachichirikiza. Chomera cha kumtunda chiima chiriri, ndipo masamba ake ndi okhuthala. Pa chifukwa ichi nthawi yabwino yofunira zomera ndi chirimwe, pamene madzi aphwa ndi kuyera, ndipo zimene zatsala pansi pake ndi eni ake a malowo.

Atadziwa gulu, mphunzitsi ayang'ane zinthu zinai motsatana: ngati chomeracho chiri ndi mizu; momwe masamba akhalira patsinde; maonekedwe a tsamba limodzi ndi m'mphepete mwake; ndi duwa kapena chipatso, ngati chiripo. Zofunika pa nchitoyi ndi mbale yoyera yokhala ndi madzi pang'ono, kamtengo kotambasulira masamba, ndi galasi lokuza zinthu. Chomera cha m'madzi chioneka bwino chiri m'madzi. Pa tebulo chingounjikana.

Za masamba aatali

M'magombe a mchenga a nyanja ya Malawi, pamalo osaya ndi obisika ku mafunde, mumera chomera cha masamba aatali ndi opyapyala ngati timalamba, chotchedwa Vallisneria, dzina lokumbukira Antonio Vallisneri, katswiri wa ku Italy. Chizindikiro chake chachikulu ndi chakuti chiribe tsinde loimirira: masamba onse aphukira pamodzi paphata, pamwamba penipeni pa mizu yoyera. Chifalikira ndi mphukira zoyanga pamchenga monga achitira kapinga, kotero kuti munthu akazula chimodzi, zinzake ziwiri kapena zitatu zibwera zolumikizana. Mitsempha ya tsamba iyenda molunjika kuchokera pansi kufikira kunsonga, ndipo kunsongako galasi lokuza lionetsa timano tating'onoting'ono. Duwa lachikazi likwera pamwamba pa madzi pa kaphesi katali konga ulusi. Maluwa achimuna, amene amera pa chomera china, aduka ndi kuyandama kufikira akumana nalo. Zikatero kaphesi kaja kapotana ndi kukokera chipatso pansi. Mphunzitsi akaona ulusi wopotanawu asakayikenso.

Vallisneria ndicho chomera chabwino koposa choyamba nacho. Chikonda madzi onga a m'nyanja ya Malawi, ndipo chibzalidwa mumchenga wotsuka bwino wozama masentimita 5, mizu yokha ndiyo ikwiriridwe, phata likhale poyera. M'nyanjamo nsomba yopyapyala yotchedwa chimpeni ibisala pakati pa masamba amenewa polalira tinsomba, ndipo nsomba zina zipala ndere yomera pamasambapo.

Chofanana nacho pochiona patali ndi Potamogeton, chimene chimeranso m'nyanja ndi mumtsinje wa Shire. Koma ichi chiri ndi tsinde lalitali la nthambi, ndipo masamba atuluka limodzi limodzi, lina mbali iyi lina mbali inayo, mokwera tsinde. Patsinde la tsamba liri lonse pali kachikopa kopyapyala kokuta phesi, ndipo maluwa ake ang'onoang'ono akhala pa kangala kotulukira pamwamba pa madzi. Chikhoza kusungidwa, koma chifuna kuwala kochuluka.

Zitatu zosokoneza

Pali zomera zitatu zomira zimene masamba ake ndi ogawikagawika ngati tsitsi, ndipo ana ndi akulu omwe aziyesa chimodzi. Khalidwe lao lisiyana kwambiri, motero ziyenera kuyang'anidwa modekha.

Choyamba ndi Ceratophyllum, dzina la Chigriki lotanthauza tsamba la nyanga. Chiribe mizu konse. Chingolendewera m'madzi, kapena mbali yake ya pansi ikwiririka pang'ono m'matope. Masamba ake azungulira tsinde pamfundo iri yonse monga masipoko a njinga, 6 kufikira 12 pamfundo imodzi. Tsamba liri lonse lichita mphanda kamodzi kapena kawiri, ndipo liri ndi timano, kotero kuti chomera chonse chimveka chokhakhala ndipo chithyoka msanga. Kunsonga masamba athithikana ngati mchira wa nyama. Chikula mofulumira, chipirira malo a mthunzi, ndipo tinsomba tongobadwa kumene tipezamo pobisala. Nthawi zina chikasintha madzi mwadzidzidzi chiyoyola masamba, koma nsonga zake ziphukanso.

Chachiwiri ndi Myriophyllum, ndiye kuti masamba osawerengeka. Ichi chiri ndi mizu yogwira pansi. Masamba ake azunguliranso tsinde, kawirikawiri anai pamfundo, koma tsamba lake silichita mphanda: liri ndi msana pakati ndi timasamba tambiri mbali zonse ziwiri, ndendende nthenga ya nkhuku. Ndi lofewa, ndipo likatuluka m'madzi limatirira kutsinde. Chomerachi chibzalidwa mumchenga, ndipo chifuna kuwala kokwanira.

Chachitatu ndi Utricularia, chimene chipezeka m'madambo ndi m'maiwe a madzi odikha. Nachonso chiribe mizu, koma pakati pa masamba ake onga ulusi pali timatumba tambirimbiri tonga njere za mawere, tina tobiriwira, tina takuda. Timatumbati ndi misampha. Kali konse kali ndi kachitseko ndi tiubweya. Kachirombo kakakhudza ubweyawo, chitseko chitseguka, madzi alowa mwamphamvu ndi kukokera kachiromboko m'kati, ndipo zonsezi zichitika msanga koposa kuphethira kwa diso. Chomerachi chidya tizirombo ta m'madzi ndi mphutsi zazing'ono za udzudzu, ndipo mitundu ya matumba okulirapo itha kugwira ngakhale kansomba koswa kumene. Maluwa ake, amene kawirikawiri ndi achikasu, aima pamwamba pa madzi. Chotero m'thanki loswetseramo nsomba chisalowe, koma m'botolo lakelake chipereka phunziro limene ana saliiwala, la chomera chimene chidya nyama.

Ana angathe kuzikumbukira zitatuzi ndi mau atatu: mphanda, nthenga, thumba. Tsamba la mphanda lopanda mizu ndi Ceratophyllum. Tsamba la nthenga lokhala ndi mizu ndi Myriophyllum. Ulusi wa timatumba ndi Utricularia.

Nsomba nazo ziganiziridwe posankha zomera. Matemba akhala bwino pakati pa zomera zonsezi. Chilunguni chidya masamba, ndipo chikhoza kumaliza thanki lonse m'masiku owerengeka. Makumba afukula mchenga ndi kuzula mizu. Mbuna kwao ndi m'miyala, kumene zomera ziri zosowa, motero thanki lao lifuna miyala koposa masamba.

Za masamba oyandama

Kakombo adziwika ndi tsamba lake lalikulu lozungulira, long'ambika mbali imodzi kufikira pamene pali phesi, ndi duwa lalikulu lobiriwira ngati thambo kapena loyera. Pali chomera china cha masamba ofanana nao koma ocheperapo, chotchedwa Nymphoides. Maluwa ake ndi ang'ono, a ubweya m'mphepete, ndipo atulukira m'munsi mwenimweni mwa tsamba loyandamalo, pamene duwa la kakombo liri ndi phesi lakelake lochokera pansi. Zonse ziwiri ziyenera dziwe kapena mgolo woduka pakati, pakuti m'thanki laling'ono masamba ao atseka kuwala.

Mwa zoyandama zathunthu, chodziwika koposa ndi namasupuni. Masamba ake ndi osalala ndi onyezimira, phesi la tsamba ndi lotupa, ndipo likadulidwa m'kati mwake muoneka ngati chinkhupule chodzala mpweya. Mizu yake ndi yakuda, ya manyenje, ndipo maluwa ake ndi ofiirira mobiriwira, okhala ndi kadontho kachikasu pa tsamba la duwa la pamwamba. Dzina lake lenilenilo liphunzitsa kanthu kwa wophunzira chinenero. Lapangidwa kuchokera ku liu lakuti supuni, chifukwa cha maonekedwe a tsamba, ndipo supuni ndi liu lobwereka limene makolo akale sanalidziwe. Dzina lachilendo liulula kuti chomeracho ndi mlendo: kwao ndi ku South America, ndipo anthu anachifalitsa m'maiko otentha chifukwa cha duwa lake. Apa mpamene pakwanira mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamalo abwino namasupuni achuluka kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha, ndipo mbeu zake zikhoza kugona m'matope zaka 20 ziri zamoyo. Atseka njira za mabwato, aphimba madzi kotero kuti zomera za pansi zifa ndi mdima, ndipo mumtsinje wa Shire iye pamodzi ndi zomera zina zoyandama atseka zitsulo zosefera madzi pa makina opangira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndicho chifukwa chake pa Liwonde anaikapo chotchinga chogwira zomerazi zisanatsikire kumunsi.

Zoyandama zina ndi izi. Pistia chioneka ngati kabichi wamng'ono wotambasuka, masamba ake otuwa mobiriwira, a ubweya wofewa ndi mizere yozama. Azolla ndi kakang'ono ngati chikhadabo, ka timasamba tosanjikizana ngati mamba a nsomba, ndipo pa dzuwa lambiri kafiira. Lemna ndi timasamba tobiriwira tonga mphodza, kali konse ndi kamuzu kamodzi. Salvinia chiri ndi masamba awiriawiri oyandama, ndipo chimene chioneka ngati mizu pansi pake ndi tsamba lachitatu logawikagawika. Pa mtundu wake woopsa, galasi lokuza lionetsa tiubweya tinaitinai tolumikizana kunsonga ngati kakhola.

Mbiri ya Salvinia ionetsa bwino mtengo wa dzina lolondola. Mtsinje wa Zambezi, umene Shire athiramo madzi ake, unatsekedwa pa Kariba kumapeto kwa chaka cha 1958, ndipo pofika 1962 chomerachi chinali chitaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a nyanja yatsopanoyo. Akatswiri anachiyesa mtundu wotchedwa Salvinia auriculata, ndipo tizirombo timene anakatenga pa mtundu umenewo kuti tidzachidye sitinathandize kwenikweni. M'chaka cha 1972 D. S. Mitchell anaonetsa kuti unali mtundu wina, nautcha Salvinia molesta. Kwao kwenikweni kunapezeka mu 1978, kumwera chakum'mawa kwa dziko la Brazil, ndipo kumeneko kunapezekanso kachirombo konga nankafumbwe kamene kadya mtundu umenewu. Katatulutsidwa pa nyanja ya Moondarra ku Australia mu 1980, pofika chaka chotsatira nyanjayo inali itayera. Mfunda unali wolondola kuyambira pachiyambi. Cholakwika chinali liu lachiwiri lokha, ndipo linataitsa zaka zambiri.

Lamulo la mphunzitsi pa zoyandama likhale lakuti namasupuni, Salvinia ndi Pistia aziphunzitsa pamalo pamene ziri kale, kapena ndi chitsanzo chouma, koma asazinyamule zamoyo kupita nazo kumene kulibe.

Nkhono ndi likodzo

Chomera chovuulidwa kuthengo sichibwera chokha. Pamasamba pake pakhala misundu, ana a tombolombo amene agwira tinsomba, ndi nkhono pamodzi ndi mazira ake. Nkhono ndizo zofunika kusamala nazo koposa, chifukwa zina mwa izo zisunga tizirombo ta likodzo. Nyongolotsi ya nthendayi anaipeza ndi Theodor Bilharz ku Cairo m'chaka cha 1851, ndipo mu 1915 Robert Leiper anaonetsa ku Egypt komweko momwe ipitira m'nkhono. Mazira atuluka mumkodzo kapena m'chimbudzi cha munthu wodwala, aswa m'madzi, ndipo tiana take tilowa m'nkhono. Patapita masabata angapo nkhonoyo iyamba kutulutsa tizirombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, timene tiboola khungu la munthu ali yense wokhudza madziwo. Malo a zomera zambiri ndi madzi odikha, amene wofuna zomera apitako, ndiwo malo amene nkhonozi zikonda.

Mitundu iwiri iyenera kudziwika. Bulinus, imene isunga likodzo la m'chikhodzodzo, iri ndi chigoba chobulungira. Munthu akachigwira nsonga iri m'mwamba, khomo litamuyang'ana, khomolo likhala ku dzanja lake lamanzere. Biomphalaria, imene isunga likodzo la m'matumbo, iri ndi chigoba chaphanthiphanthi, chokulungika ngati nkhata. Komabe pali nkhono zina zofanana nazo, ndipo nkhono yodwala siisiyana maonekedwe ndi yopanda tizirombo. Motero m'thanki la sukulu musalowe nkhono iri yonse yochokera kuthengo.

Povuula zomera ana asalowe m'madzi. Mphunzitsi aime pamtunda ndi nsungwi yaitali yomangirira mbedza ya waya kunsonga, kapena apemphe asodzi kuti amsungireko zimene zakodwa m'makoka. M'manja avale magolovesi kapena timatumba ta pulasitiki tosabooka. Afunsenso eni dera ngati pamalopo pafika ng'ona kapena mvuu. Atenge zochepa, nsonga zitatu kapena zinai za mtundu uli wonse, pakuti zidzachuluka zokha. M'malo otetezedwa ndi boma, monga Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndi Liwonde National Park, munthu saloledwa kuzula kanthu popanda chilolezo.

Pofika kusukulu madzi amene zomera zabweramo atayidwe pa nthaka youma, kutali ndi mtsinje. Zomerazo zitsukidwe ndi madzi a pamjigo, ndi kuikidwa m'beseni lapadera pamalo owala kwa masabata atatu kapena anai. Tizirombo ta likodzo tosambira m'madzi tifa tokha m'masiku awiri kapena atatu ngati sitinapeze munthu, koma nkhono yamoyo ipitiriza kutulutsa tina tsiku ndi tsiku. Chotero masiku onsewo mphunzitsi ayang'ane tsamba liri lonse, kunsi ndi kumwamba, achotse nkhono ndi kamtengo, ndi kudula tsamba liri lonse lokhala ndi kadontho konga utomoni woonekera m'kati, pakuti amenewo ndiwo mazira. Mazira amene aphonyeka adzaswa m'masabata omwewo, ndipo tiana ta nkhono tidzaoneka pakhoma la beseni. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero akulu, ndipo pa nchito iyi mwambiwu ukhala woona monga momwe unenera. Beseni livundikiridwe ndi nsalu yopyapyala kuti udzudzu usaikiremo mazira. Munthu ali yense amene aona magazi mumkodzo apite kuchipatala, kumene mankhwala a praziquantel achiza nthendayi.

Kusunga chitsanzo

Chomera chimene dzina lake lakanika chisatayidwe chonse. Mbali imodzi, makamaka yokhala ndi duwa kapena chipatso, iumitsidwe. Popeza masamba ake ndi ofewa, achiyandamitsa m'beseni, alowetsa pepala lolimba pansi pake, atambasula masamba ndi kamtengo, ndipo akweza pepalalo pang'onopang'ono kuti madzi atsike chomera chiri chotambasuka. Kenaka achiika pakati pa manyuzipepala akale ndi kutsindika ndi mabuku olemera, nasintha mapepalawo tsiku liri lonse kufikira chitauma. Papepalapo palembedwe malo, tsiku, kuzama kwa madzi, ngati pansi panali mchenga kapena matope, ngati madzi anali oyenda kapena odikha, mtundu wa duwa lisanafote, ndi dzina la kumudzi. Chitsanzo cholembedwa chotere akatswiri a ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba angathe kuchiyerekeza ndi zimene asunga kumeneko. Chitsanzo chopanda malo ndi tsiku sichithandiza munthu.

Zomera zikalowa m'thanki, liikidwe pafupi ndi zenera, koma posafika dzuwa la masana, limene litenthetsa madzi ndi kuchulukitsa ndere. Phunziro loyamba likhoza kukhala ili: nsonga ya Ceratophyllum iikidwe m'botolo la madzi pa dzuwa, mbali yodulidwa iri m'mwamba, ndipo ana awerenge timathovu totuluka pa mphindi imodzi, kenaka botolo lipite pamthunzi, awerengenso. Adzaona okha kuti chomera chitulutsa mpweya wa okosijeni pamene pali kuwala, ndipo adzamvetsa chifukwa chake nsomba ndi zomera zikhalira pamodzi.

Potaya zotsala

Zomera za m'thanki zichuluka, ndipo pakutha pa chaka sukulu itsekedwa. Apa mpamene anthu a mtima wabwino alakwa, poganiza kuti kubwezera zamoyo kumtsinje ndi chifundo. Chomera chomira chotchedwa Hydrilla chinafika ku Florida, m'dziko la United States, m'zaka za m'ma 1950 monga chokongoletsa mathanki a nsomba. Chitatayidwa mungalande chinafalikira m'mitsinje ndi m'nyanja za kumeneko, ndipo poyamba anthu anachiyesa chomera china chosaopsa. Lagarosiphon major, chimene kwao ndi kumwera kwa Africa, chinagulitsidwa ku Ulaya pa nchito yomweyo, ndipo mu 2005 chinapezeka chitamera m'nyanja ya Corrib ku Ireland, kumene chinatsamwitsa magombe ena. Chomera chofatsa kwao chikhoza kulusa kwa eni, pakuti adani ake achibadwa atsala m'mbuyo. Izi zichitika ngakhale m'kati mwa dziko limodzi, pamene chomera cha ku Shire chifika padamu la mudzi wa kumapiri. Kachidutswa kamodzi ka tsinde kakwanira kuyambitsa munda wonse, ndipo madzi akatayika saoleka.

Chotero zotsala zonse ziyanikidwe pa dzuwa kufikira zitauma gwa, kenaka zitenthedwe kapena kukwiriridwa kutali ndi madzi. Madzi a m'thanki athiridwe m'munda wa maluwa, osati mungalande. Ana aone mphunzitsi wao akuchita izi, ndipo awauze chifukwa chake, pakuti ena a iwo adzasunga mathanki kunyumba kwao.

Mphunzitsi watsopano akafika pa sukulu yake yoyamba, ayambe buku la zomera za m'madzi za dera limenelo, tsamba limodzi chomera chimodzi: chithunzi chojambula ana, chitsanzo chouma, dzina la kumudzi, dzina la Chilatini ngati lapezeka, ndi yankho la mafunso atatu aja. Bukulo alisiye pasukulupo akadzasamuka, kuti womlowa m'malo apitirize. Maina ambiri a zomera zomira akali m'kamwa mwa asodzi ndi amai otunga madzi, osalembedwa, ndipo aphunzitsi ndiwo ali pafupi ndi anthu amenewa m'maboma onse.